Misozi ya Agogo a Concetta

Mkazi wa mufilimu uja anali atayambanso kudzizula tsitsi, ndipo Felesta anayang'ana wotchi mtima ukuwira. Basi ya ku Mirrabooka inali pafupi kumusiya. Kusukulu ya mkaka anali atamuchenjeza kale kuti akachedwanso kukatenga mwana wake Ndaona, mwanayo amupezere malo kwina.

Agogo a Concetta, amene Felesta ankawasamalira kunyumba kwawo ku Morley, Chingerezi chinali chitawathawa m'mutu, kunatsala Chitaliyana chokha. Masana aliwonse ankaloza TV, Felesta n'kuwaikira filimu yakalekale ya kwawo imene inkakhala m'makina oonetsera mafilimu, ya zithunzi zotuwa, yopanda ndi liwu limodzi lomwe. Mwamuna akukwera sitima. Mkazi akukanda zipupa, akukomoka, akudzuka, akukomokanso. Felesta zinkamunyansa. Mzimayi wamkulu ngati ameneyu alibe zochapa? Mwana ali naye, koma palibe pamene akuoneka akumudyetsa.

Koma agogowo misozi inkangoyenderera m'masaya, ndipo amuna awo anali atamwalira chaka chatha. Munthu wamkulu akamalira sumusiya yekha, Felesta analeredwa choncho. Ndiye ankakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, dzanja patsaya, mutu ataweramitsa, mpaka filimu ithe, nthawi yoweruka itadutsa kalekale.

Tsiku limeneli Katherine, mwana wa agogowo, anatulukira filimu ili pakati. Felesta anadzuka n'kumuuza mosapsatira kuti watopa. Akumvetsa kuti mayi akulira amuna awo, koma iyenso ali ndi mwana amene tsiku lililonse amatsala yekha pageti ndi aphunzitsi okwiya. Filimuyo iziikidwa m'mawa, apo ayi afune wantchito wina.

Katherine anakwinya nkhope. Anawerama n'kufunsa mayi ake m'Chitaliyana. Agogowo anayankha motalika, akuponya manja uku ndi uku, kenako anasisita Felesta paphewa mwachifundo. Katherine anagwira pakamwa.

"Maso awo amangotuluka misozi, ndi matenda a ukalamba," anatero. "Akuti filimuyi amadana nayo, iwo amafuna mpira. Koma akaloza TV iwe umaika imeneyi, n'kukhala pansi ngati uli pamaliro. Ndiye amangopirira, akuti mwina nawenso mwamuna anakuthawa."