Kaputeni Wavala Malaya Ofiira

Lolemba m'mawa, Kochi anaima pakhomo pa sitolo yake ya penti ndi misomali, mtima ukuwira. Tsidya lina la msewu, m'sitolo yopikisana nayo, Kaputeni ankasakaniza penti atavala malaya ofiira a kumeneko. Kaputeni yemweyo, amene anakhala naye zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu!

Dzina loti Kochi anam'patsa ndi antchito ake, poti bamboyu sankatha kukamba za malonda osalowetsapo mpira. Kasitomala kwa iye anali sapota: ukamusunga bwino amakutsata ngakhale timu ikugonja. Shelefu yakutsogolo inali ya ogoletsa zigoli, katundu woyenda msanga. Wochedwa kuntchito ankalandira khadi yachikasu yeniyeni, yodula pa katoni. Koma wogwira timu yonse anali Kaputeni, munthu woti ukamuonetsa kachibenthu ka khoma, amakusakanizira mtundu womwewo ndi maso okha.

Chichokereni munthuyo, amisiri omanga nyumba ankangodutsa pakhomo pa Kochi ngati sakumudziwa, n'kuwoloka msewu. Milungu iwiri yokha, zitini za penti zinali zitayamba kale kuchita fumbi.

Nkhaniyi anamuuza ndi mwana wake wachisamba, amene chaka chatha anam'siyira umanijala. Akuti Kaputeni anagulidwa ndi a tsidya, n'kuchoka osatsanzika n'komwe. Mwanayo analangiza bambo ake kuti asadzitsitse n'kukalankhula ndi munthu wosayamika ngati ameneyo. Kochi anayesa kupirira, koma abale, zinamuwawa. Ankadya osamva kukoma.

Tsikuli zinam'kwana. Anawoloka msewu osayang'ana ndi galimoto zomwe.

Anam'masula Kaputeni pamaso pa makasitomala. Anam'kumbutsa amene anam'tola akusenza matumba a simenti, amene anam'phunzitsa kugwira sikelo, amene anagona panja masiku atatu pamaliro a mayi ake. Anati wosewera aliyense amasamuka, inde, koma wolongosoka amatsanzika, ndipo sapita ku timu ya adani.

"Ndiye kuti ndinkaweta njoka," anamaliza motero.

Kaputeni anapukuta manja, n'kutulutsa m'thumba kalata yothethekera m'mopinda chifukwa choiwerenga kawirikawiri.

"Ine sindinachoke, bwana. Munandichotsa. Katatu ndabwera kwanu, mwana wanu akundibweza pageti, akuti simukufuna kundiona."

Kochi anawerenga. Inali kalata yochotsa munthu ntchito, ya mizere inayi. Mzere womaliza unkati timu yanzeru imachotsa wokalamba asanayambe kutsimphina. Mawuwo anawazindikira. Anali ake, ankakonda kuwanena patebulo kunyumba akamanyoza magoloboyi a pa TV.

Pansi pake panali siginecha yake, osati yobera ayi. Atayang'ana deti, anakumbukira. Linali Loweruka la fainolo, mpira utafika pa mapenate, pamene mwana wake anam'tambasulira mapepala pabondo n'kuti ndi maoda a simenti. Iye anasaina maso ali pa TV.

Kaputeni anatsitsa mawu kuti makasitomala asamve.

"Mwana wanu anati okalamba pasitolo paja tilipo awiri. Kodi mapepala munasaina angati tsiku limenelo, bwana?"

Anali awiri.