Ambulera ya Loboti

"Chotsani wilibalayo, loboti ikudutsa!" anakuwa kapitawo, thukuta lili kamukamu.

Loboti yoyala njerwayo anachita kuiitanitsa yekha atatopa ndi amisiri ake. "Iyi siipempha kupita kumaliro, siidzuka ndi matsire," ankadzitama motero.

Koma tsiku loyamba lomwelo inakana kuponda matope, iye n'kuiyalira matabwa. Fumbi likaikuta, inkangoti zii mpaka aipukute ndi kampango kake. Lero, dzuwa likuswa mtengo, inayamba kulira kuti yatenthedwa. Kapitawo anaima pambali pake ataifunditsa ambulera, iyo ikuyala njerwa mwachifatse.

"Bwana, mkono ukatopa munene, tikulandireni," anatero mmisiri wamkulu ali khale pamthunzi. Kapitawo anangosinthira ambulerayo kudzanja lina.

Apo n'kuti mkazi wake akulowa pageti atasenza chakudya chamasana, dzuwa litamuwamba njira yonse. Anayang'ana mwamuna wake, n'kuyang'ananso chitsulocho.

"Bambo a ana, chikwatirane simunandigwirirepo ambulera, ngakhale pamvula," anatero akutula mbale. "Nanga mkazi mnzangayu adya chiyani? Ine ndaphika cha munthu mmodzi."