Kachubu ka mu Nsapato

Mkazi wa telala atanyamula nsapato ya mwamuna wake kuti asese, munagwa kachubu ka mankhwala opaka.

Telala anakaona ali pakhomo. Makina ake osokera anali atakhala zii kwa masiku, chifukwa akati akhale pampando ankamva ngati wakhalira singano.

“Ndi a matenda a mudzi,” anatero chapansipansi. “Ndikapita kuchimbudzi ndimaona magazi. Andipatsa adokotala.”

Mkaziyo anatola kachubuko nakapukuta fumbi ndi chitenje.

“Mankhwala omwewa ndi amene anandichiritsa ine nditabereka mwana wathuyu.”

“Inunso? Osandiuza?”

“Nanga inu bambo ake, si mwauza nsapato m'malo mwa ine? Kasambeni m'manja mupake.”

Telala anaseka, nalandira kachubuko.

“Mawa mundiikire pilo pampando paja. Diresi lanu lija ndilimalize.”