Kosekera a Chadza

Tangoganizani: n'chifukwa chiyani banja la a Chadza limakasekera m'khola la mbuzi?

Msana wa a Chadza sunaleke kuwawa chigwereni padenga la nkhokwe. Masiku ano mankhwala amphamvu oletsa ululu saperekedwanso m'manja. Amakhala m'kabokosi ka chipatala kokhomedwa pabalaza, kamene kamagwetsa piritsi limodzi m'mawa uliwonse.

Loweruka kunatulukira msuweni wawo, a Nagama, ndi nthabwala zachisuweni.

"Amuna anga, mwapindika ngati chikwakwa! Ndibweretse simbi ndikusiteni?"

Mapewa a a Chadza anayamba kugwedezeka. Akazi awo, a Nasoko, anaponya lichero pansi n'kuwatseka pakamwa ndi chitenje.

"Limbikani, bambo, chisatuluke! Inu oyambitsa, gwirani mkono uwo!"

Anawakokera kukhola, masaya atatupa, misozi ikuyenderera. Atangolowa, onse atatu anaphulika chiseko mpaka mbuzi zinapanikizana pakona.

"Mayo, msana wanga!" anatero a Chadza, atagwira chipupa. "Tabwerezaninso za simbi zija!"

M'mawa mwake piritsi linagwa ndithu, a Nasoko n'kuimba nthungululu chamumtima.

Kabokosiko kali ndi khutu. Kakamva wodwala akuseka kamati wachira, ndipo kamadzitseka sabata yathunthu.