Mpweya wa Achimwene

Kampira ka m'galasi, koonetsa mpweya wotuluka m'botija la okosijeni, kanayamba kunjenjemera. Ine ndinali nditamva kale kuti kulira kwa mpweyawo kwasintha.

Ntchito yanga ku Joni inali yomweyi: kuyesa tizibowo ta chitsulo todutsitsa mpweya pa liwiro limene phokoso limayendera, kuti mafakitale a eni ake asaphonye muyeso. Kabowo kotere sikanama, malinga mphamvu ikhalepo kumbuyo kwake. Ndinakalambira pa tizibowoto, ndipo ndinabwerera kwathu ku Chiputo wopanda ngakhale kamodzi m'thumba.

"Alamu, odziwa za mpweya ndinu," anatero Anastácia, mkazi wa achimwene anga a Eusébio. "Ufika mpaka mota ibwere ndi botija lina?"

Mtsinje unali utadzaza chigwereni mvula. Motayo, njinga yamoto yonyamula botijalo, inali tsidya linalo, cha ku Fingoe.

"Ufika tikauchepetsa," ndinayankha.

Namwino wa pa kachipatala komwe achimwene anagonekedwa anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu kuvomera. Ndinapotoza kachitsekero ka botijalo pang'ono, kampira kanatsika.

Achimwene anatsegula maso, kapaipi kali m'mphuno. Chifuwa chawo, chodyedwa ndi fumbi la m'maenje a golide, chinkakwera ndi kutsika ngati mvukuto wobooka.

"Iwe Belarmino," anatero mopumira m'mwamba, "maliro a amayi sunabwere, a abambo sunabwere. Lero wabwera kudzandimana mphepo?"

Anayesa kuseka, chifuwa chinawakaniza.

Ndinabwezera kachitsekero pomwe kanali.