Nyumba ya a Ignac

Tihana anafika pamudzipo kutada, kudzapepesa. Nyumba ya a Ignac anaipeza ili mulu wa njerwa, eni ake akugona m'khola la mbuzi.

Chivomezi chitapita, pulogalamu ya pakompyuta yosankha nyumba zoti zigumulidwe anailemba ndi Tihana. Pa nyumba yong'aluka iliyonse inkafunsa ngati mumakhala munthu. Mayankho anayenera kukhala atatu: inde, ayi, sitikudziwa. Iye pofulumira anasiya awiri, ndipo "sitikudziwa" aliyense anasanduka "ayi".

Tsiku limene akalembera a nyumbazo anagogoda pakhomo pawo, a Ignac anali m'chipatala.

"Imwa, mwana wanga, wazizidwa," anatero mkuluyo usiku umene Tihana anafika, pomuthirira kachasu. "Akuti makina anati kuno kulibe munthu. Ndine mzukwa ine? Unauonapo mzukwa wakumwa chonchi?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Tihana sanaseke.

"Makinawo akanangoti sakudziwa, wina akanabwera kudzandifunsa. Paja iwe umagwira ntchito yanji m'tauni?"

"Ya muofesi, agogo."

Mbandakucha anamuperekeza kumsewu, n'kumupatsa tchizi m'kansalu. Tihana analandira osawayang'ana kumaso, ndipo anakwera basi asananene chimene anadzera.