Asilikali Olera Mphutsi

Nanyerere, mayi wosamalira nyerere m'chipinda cha kafukufuku, anatsekula firiji mtima ukuwira. Munali timabotolo tiwiri tofanana ngati mapasa. Kokhala ndi kapepala kofiira kanali ka nyuropeputaidi, timadzi ta muubongo wa nyerere timene timauza iliyonse ntchito yake. Ka kapepala kobiriwira kanali ka madzi amchere chabe.

Zaka zisanu mayiyu anapinda msana pa makina oonera tizilombo. Ndiye anatulukira kuti msilikali, nyerere ya chimutu yolondera pakhomo, akabayidwa timadzito amasiya kuluma n'kuyamba kulera mphutsi, tiana ta nyerere. Koma lipoti litatuluka, panali dzina la Pulofesa lokha, mkulu wa kafukufukuyo. Lake panalibe. Panalibenso la a Chete, bambo wachikulire wojambula nyererezo, amene ngakhale muwaponde chala amangoti zikomo.

Nanyerere atafunsa chifukwa chake, Pulofesa anaseka chikhakhali. "Mayi, munaionapo nyerere yantchito ikusayina?"

Atamva mawu amenewo, Nanyerere analumbira kuti adzabwezera. Mwayi unali lero. Masana Pulofesa abaya yekha asilikali ndi kabotolo kofiira, kuti mawa akuluakulu adzaone zodabwitsa "zake". Nanyerere anamatula timapepala tija bwinobwino n'kutisinthanitsa. Abaye madzi amchere mkuluyo, tione ngati upulofesa wake udzalere mphutsi!

Potuluka anakumana ndi a Chete pakhomo, kamera ili pakhosi. A Chete anampatsa moni wawo wa masiku onse, maso ali pansi.

Kutacha chipinda chinadzaza ndi masuti. Nanyerere anaima kumbuyo, pafupi ndi a Chete. Ankafuna aone manyazi a munthuyo ndi maso ake, osati zongomva.

Pulofesa anatsokomola, nakoka nsalu pa bokosi lagalasi.

Pakhomo pa chisa panalibe mlonda ndi mmodzi yemwe. Asilikali onse anali m'kati, aliyense atanyamula mphutsi ndi zibwano zake zoopsazo, akuinyambita mwachikondi. M'manja munaombedwa mpaka magalasi kunjenjemera. Pulofesa anawerama, mano onse pamtunda.

Nanyerere anadzifunsa: madzi amchere angachite bwanji zimenezi? Atacheuka anaona a Chete thukuta lili kamukamu.

"Mayi, ine mutu waima," ananong'ona bamboyo. "Dzulo inu mutangotuluka, timapepala tija ndinatisinthanitsa ndi manja angawa."